Phazi la mu Esitufa

Kumtunda kwa Fonte Boa, mukapitirira minda ya kachewere, pali esitufa imodzi, nyumba ya pulasitiki yolimamo matimati. Anthu amaitchabe ya mayi Ilda, ngakhale mwini wakeyo anatisiya kale. Amene anatsalamo ndi amuna awo, a Gervásio, bambo wamtali amene moni amayankha ngati mwawadzutsa kutulo. Ana awo ali ku Tete, ndipo foni amaikumbukira pa Natale, tsiku la Khirisimasi.

Dothi ankalidziwa ndi mayi Ilda. Ankalifinya m'manja n'kunena kuti lero lisamwe. Feteleza, amene kuno timati adubu, ankathira motsina ngati mchere wa m'ndiwo. Mvula ikayamba ankavula pulasitiki yense kuti nthaka isambe, kenaka n'kukwiriramo mapesi ndi ndowe za ng'ombe. A Gervásio yawo inali kutunga madzi ndi kupalasa njinga ya matimati kupita kumsika ku Ulongwe. Zinazo ankangoti n'za amayi.

Maliro atatha, analowa mu esitufa n'kupeza phazi kumapeto kwa mzere. Tsiku lawo lomaliza kuthirira, mayi Ilda anaponda padothi lonyowa opanda nsapato, ndipo dothilo linauma nalo phazilo. Zala zonse zinkaoneka, ndi chachikulu chija chopindika chomwe. A Gervásio anavundikirapo beseni lakale, osauza munthu.

Kuyambira pamenepo pulasitiki sanamuvulenso, kuopa kuti mvula ingafufute phazilo. Khasu ankangokanda nalo pamwamba. Kunyumba kunali zii, choncho ankaswera mu esitufa momwemo, ndipo munthu wosowa woyankhula naye akagwira ndowa sadziwa polekera. Ankathirira m'mawa, masana, dzuwa likapendeka kuthiriranso. Matimati akafooka, iwo n'kuwonjezera adubu, akumati mwina ndi njala. Anali wosungulumwa bamboyu, ndipo kusungulumwa kwakeko ankakuthira m'nthaka ndowa ndi ndowa.

Nthaka nayo inatopa. Pamwamba panayera ngati pawazidwa phulusa, pansi panalimba gwa. Madzi ankangoima osalowa mpaka kumera ndere. Nyongolotsi zinasamuka. Masamba anapsa m'mbali, ndipo matimati ankabala tochititsa manyazi, toti ngakhale nkhuku zinkayamba zatiyang'ana kaye.

Tsiku lina kunabwera a Felismina, mng'ono wa malemu, kudzapempha mbande. Anagogoda pansi ndi chidendene, n'kupukusa mutu.

"Alamu, dothi ili lapsa ndi mchere wa adubu. Mvula inalowamo liti muno?"

"Ndimathirira," anayankha a Gervásio.

"Kuthirira si kusambitsa. Vulani pulasitikiyu, mugaule, mukwirire manyowa. Mukapanda kutero chaka chino, esitufa ya akulu anga yatha basi."

Potembenuka anapunthwa pabeseni lija, n'kuwerama kuti alichotse panjira. A Gervásio anatambasula dzanja, koma anachedwa. A Felismina anayang'ana pansi nthawi yaitali.

"Chala chija," anatero motsitsa mawu.

Anabwezera beseni pamalo pake bwinobwino, n'kutuluka. Za mbande anaiwala.

Mawu a mlamu wawoyo sanawachoke m'mutu. A Gervásio anadziwa kuti zinthu ziwirizi sizingatsale zonse. Akasunga phazi, dothi limene Ilda analilera ndi manja ake lifa. Akapulumutsa dothi, phazi lipita. Masabata anadutsa iwo akungozungulira beseni, kulivundukula, kulivundikiranso.

Mitambo itadera chakumapiri a ku Domwe, anatenga makwerero. Anamasula zingwe chimodzichimodzi, n'kukokera pulasitiki pansi, okha, mphepo ikulimbana nawo. Kenaka anachotsa beseni, n'kukhala chonjuta pambali pa phazilo.

Madontho oyamba ankangodumpha padothi louma lija. Mvula itakula, madzi anadzaza m'phazimo. Zala zinayamba kusungunuka, chopindika chija n'kutsatira. Chidendene ndicho chinachedwa, monga ankachitira mwini wake, amene ankatsazika katatu asanachoke pakhomo pa munthu. A Gervásio analira pamenepo, kulira kumene sanalire kumanda, ndipo panalibe wowatonthoza.

Mvula itakata, madzi anali ataima mu esitufa monse. Iwo anakhalabe pomwepo, zovala zili zonyowa, mpaka anaona madziwo akuyamba kutsika pang'onopang'ono, dothi likumwa. Anadzuka, nakatenga khasu ndi mtolo wa mapesi. Anayambira kugaula pamalo pomwe panali phazi paja, ndipo anakwirira mosamala, ngati mmene amaikira munthu.