Jekete Langa ndi Tcheyamani wa M'sewero

Ntchito yanga inali yokhoma zitini. Ndowa, mbaula, zothirira m'dimba, nyali za koloboyi. Malo anga anali kuseri kwa msika wa Ndirande, ndipo ndowa yokhoma ine sinkadontha. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6 yakale ija. Ndanena izi kuti mudziwe kuti ndinali munthu kale, mkazi wanga asanatchuke.

Mkaziyo ndinamukwatira ali wofatsa. Kwawo ku Mulanje ankati mwanayu salankhula. Pakhomo mawu ake anali apansipansi, moti ndinkachita kuika nyundo pansi kuti ndimve zimene akunena.

Za masewero zinayambira kutchalitchi. Gulu la amayi linkakonza kasewero, ndipo anamupatsa malo a mayi wolongolola. Anamangirira pilo kumbuyo, n'kupaka makala mano awiri akutsogolo kuti aoneke ngati anaguluka. Atatsegula pakamwa panatuluka mawu amene ine ndinali ndisanawamvepo chikwatiranecho. Tchalitchi chonse chinafa ndi phwete. Ine sindinaseke. Ndinkangodzifunsa kuti mawu amenewa ankasungira ndani.

Itafika nyengo ya riferendamu, anthu atayamba kutchula za matipate poyera, gulu lina la zisudzo linamutenga. M'gululo munali kalaliki wina wa ku Chilomoni, woonda ngati bango, mwana wamng'ono kwa ine. Iyeyo ndiye ankakhala mwamuna wake m'sewero. Ankasewera ngati tcheyamani amene amaima pachipata cha msika kuitanitsa makadi a chipani. Akaweruka n'kufika kwawo, ankapeza mkazi ataima pakhomo, manja ali m'chiuno.

"Khadi!"

"Khadi la chiyani, mayi, pakhomo panga pomwe?"

"Lolowera m'nyumba. Lina lodyera. Lachitatu lija mukulidziwa nokha, ndipo chaka chino lakwera mtengo."

Anthu amene anabwezedwapo pamsika kapena pa basi chifukwa chosowa khadi ankaseka mpaka misozi. Mkazi wanga sankachita zimenezi mwachibwana ayi. Kale anavinitsidwapo pabwalo tsiku lonse, mwana wathu ali kumbuyo thupi likutentha, osaloledwa kuchoka. Sanaiwale. Akamaliza sewero ankatsika pa lole imene ankachitirapo sewerolo n'kumayenda khomo ndi khomo, kuuza amayi anzake kuti akavote asaope munthu. Nanenso kusinthako ndinkakufuna. Sindinkadziwa kuti kudzayambira m'sutikesi yanga.

Ndinali ndi jekete labulawuni la mizere yachikasu. Ndinaligula kwa munthu wochokera ku Joni, ndipo m'Ndirande monse linalipo limodzi lokhalo.

"Abambo," anatero mkazi wanga tsiku lina, ndi mawu ake apansi aja, "tcheyamani wathu alibe chovala chomupatsa ulemu. Tibwerekeniko jekete Loweruka lokhali."

Ndinapereka. Ukakana kanthu kotere amati uli ndi nsanje. Koma Loweruka lija silinathe. Jekete linafika ku Zingwangwa, ku Machinjiri, ku Chilobwe, likuwomberedwa m'manja pamsana pa munthu wina. Ine kutchalitchi ndinkapita ndi juzi.

Kenaka anthu anayamba kusokoneza. Tinakwera minibasi ine ndi mkazi wanga, kondakitala n'kumuzindikira.

"Aa, mayi a makadi! Lero simulipira. Nanga a tcheyamani mwawasiya kuti? Awawa ndi achimwene anu?"

Anzanga okhoma zitini nawonso anali ndi zawo. Ndikamalongedza zida ankakuwa kuti, "Madala, khadi mwatenga? Mukagona panja lero!" Mawa lake nyundo ndiyo inkawayankha.

Kamodzi kokha ndinalankhula ndi mkazi wanga za nkhaniyi.

"Mayi, ndalezi zidzakupwetekani."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Abambo, chikukuwawani inuyo ndi ndale?"

Ndinanyamuka n'kukaona mbaula imene inali itatha kale.

Tsiku limene anakachita sewero ku Bangwe linalinso Loweruka. Dzuwa litapendeka kunabwera mayi wina kudzatenga ndowa yake imene ndinaika tako latsopano. Ankaigogoda, kuiyang'anitsa padzuwa, uku akundicheza.

"Mwamva, bambo? Mayi wa makadi uja amugenda mwala ku Bangwe, ali pa lole. Ati magazi okhaokha. Ali kuchipatala. Mwayi wake amuna ake anali pomwepo, amunyamula okha."

Sankadziwa amene akumuuza. Ndipo ndi chifukwa chake panalibe amene anathamanga kudzandiuza. Kwa anthu onse, mwamuna anali atadziwa kale.

Ndinasiya zida poyera, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo. Ndinapita kunyumba, kusamba m'manja, kuvala juzi, n'kugula nthochi panjira. Pakhomo la wodi ya amayi ndinapeza chikhamu cha anthu ofuna kuona mayi wa makadi. Mlonda anali atatchinga ndi dzanja.

"Bwererani, madala. Tauzidwa kuti alowe mwamuna wawo yekha."

"Ndine amene."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Enanso anena zomwezo. Amuna awo ali m'katimo, tonse tikuwadziwa. A jekete aja."

Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Aonetse khadi!" Khamu lonse linaseka.

Sindinapepese ndipo sindinakangane. Mwamuna wa msinkhu wanga satsutsana ndi mlonda za mkazi wake. Ndinazungulira kuseri kwa wodi, kupyola pamene osamalira odwala amayanika zovala, n'kumasuzumira pa mawindo. Ndinamupeza. Mutu unali wokulungidwa ndi bandeji. Pambali pa bedi panali kalaliki uja, jekete langa lili pathupi, magazi atauma pamkono wake. Dzanja limodzi anamuchirikiza nalo khosi, linalo akumumwetsa madzi. Ankachita bwino, mosamala. Chimenecho ndicho chinandiwawa kwambiri. Akanakhala wosasamala ndikanakhala ndi pomugwirira.

Ndinaima pamenepo ndi nthochi zanga mpaka mkazi wanga anatembenuza maso. Anandiona. Anakankha kapu n'kuitana nesi.

Mlonda yemwe uja ndiye anabwera kudzanditenga. Sanandiyang'ane kumaso.

Nditalowa, odwala ndi owasamalira anali atadzuka m'mabedi ndi pa mphasa, onse maso ali kwa mkazi wanga. Makala aja anali akadali m'mano. Koma mawu amene anatuluka anali a kunyumba.

"Achimwene, vulani jeketelo. Eni ake abwera."

Kalaliki anaimirira msangamsanga, manja akukodwa m'mikono ya jekete. "Pepani bambo, ndinatuma anthu kuti akudziwitseni, kaya zathera pati." Analipereka ndi manja awiri.

Mkazi wanga anakweza mawu pang'ono kuti wodi imve.

"Awa ndiwo amuna anga."

Onse ankadikira kuti nthabwala ithera pati. Kenaka mayi wina wa pabedi lapakona anayamba kuseka, ena n'kutsatira, ena kuwomba m'manja.

"Mayiwa ndiye ayi! Ngakhale ali pabedi!"

Ankayesa ndi sewero latsopano, ine wosewera watsopano. Iye sanaseke. Anandigwira pamkono n'kundikokera pafupi.

"Mwachedwa, abambo."

Ndinawerama kuti asamve wina aliyense.

"Ndinalibe khadi."

Anatseka maso. Mapewa anayamba kugwedezeka. Anaseka chamumtima, dzanja atagwira bandeji, misozi ikutsikira m'makutu, akundipempha kuti ndisiye chifukwa mutu ukuwawa. Iye anaseketsa Blantyre yense. Ine ndinaseketsa munthu mmodzi, kamodzi, ndipo m'wodi monsemo panalibe anamva chimene ndinanena.

Bala litapola anakweranso lole. Boma litasintha sanasiye. Anayamba kuseka atsopanowo ndi malonjezo awo, ndipo ena amene ankamuwombera m'manja analeka kumupatsa moni. Kalaliki anakhalabe mwamuna wake wa m'sewero kwa zaka zina. Anakagula jekete lakelake la kaunjika. Langa sanalipemphenso, ndipo mkazi wanga sanalitchulenso.

Magazi a pamkono sanachoke onse ngakhale anawachapa ndi madzi ozizira. Lamulungu loyamba atachira ndinalivala kupita kutchalitchi, iye ali pambali panga. Tikutsika kamtunda ka kumsika, anyamata awiri okhala pa khonde la golosale anakodolana.

"Taonani madala awo, abwereka jekete la a tcheyamani."

Mkazi wanga anafuna kutembenuka. Ndinamuletsa. Ndinamanga batani lapakati n'kupitiriza ulendo.