Chithunzi cha Bambo Chimene Malume Anasuta

Chaka chimene tinkaswera pamzere wa feteleza wa makuponi ku Wimbe, mphunzitsi wina anajambula bambo anga ndi pensulo. Anangokhwatchakhwatcha mofulumira, khutu lina osalimaliza, koma anali iwowo ndithu: phewa lopendekeka ndi mitolo ya fodya, maso otopa ndi kudikira.

Kunyumba unakhala mlandu. Mayi anati, "Bwanji sanawaveke jekete? Anthu adzati ndife amphawi." Ngati kuti anthuwo sankatidziwa! Pakhoma anapachika chithunzi cha kusitudiyo, bambo ali ndwii m'suti yobwereka.

Bambo atamwalira ndinafunafuna pepala lija. Malume anandiuza mopanda manyazi kuti analing'amba kalekale, n'kupichiramo chingambwe. Nkhope yeniyeni ya bambo anga, munthu anaisuta, n'kumadandaulanso kuti pepalalo linali lolimba.