Chipolopolo cha m'makina a che Jafali

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pamwamba pa lole yopita ku Makanjira, zaka zija anthu a ku Mozambique ankathawira kuno nkhondo. Msewuwo unali ndi maenje oti lole ikalowamo tinkaona nyenyezi masana. Ndikulumbira. Pambali panga panali a Dokotala Nambewe, mayi wophunzitsa mbiri yakale ku yunivesite, ndi ophunzira awo asanu. Ankafuna womasulira Chiyao. Ndinawauza kuti ndimadziwanso Chipwitikizi. Ndinkadziwa mawu atatu.

Ntchito yanga inali kunyamula tepi rekoda ndi mabatire, kumasulira, ndi kulemba pa kaseti iliyonse dzina la wolankhula, malo ndi tsiku. Kaseti ikatafunidwa ndinkaipota ndi bolopeni. Lamulo la a Dokotala linali limodzi: mboni iliyonse izifunsidwa kuti, "Munaona nokha, kapena munamva kwa yani?"

Sabata yachiwiri ophunzira anapeza nkhani yokoma mpaka funsolo analiiwala. Anthu asanu ndi mmodzi anati che Jafali, telala wothawa nkhondo, anadutsa malire atasenza makina osokera, ndipo chipolopolo chomwe chikanawapha chinakodwa m'makinamo. Ine ndinkangomasulira, thukuta lili kamukamu.

"Mboni zonse zagwirizana, madamu! Nkhani yatsimikizika," anatero mmodzi mwa ophunzirawo.

"Mpaka mawu ofanana?" anatero a Dokotala. "Ngakhale mapasa sagwirizana choncho. Bwererani, mukafunse anamva kwa yani."

Tinayenda tsiku lonse padzuwa lowotcha mbatata m'thumba. Wogulitsa usipa anamva kwa wokonza njinga. Wokonza njinga anamva kutiyirumu. Mwini tiyirumu anandiloza ndi supuni.

"Si inu achimwene munatiuza Lachiwiri lija?"

Zinali zoona. Ndinaona kabowo pa makina a che Jafali, ndipo ine ndikaona bowo sindilisiya lopanda nkhani. Ndinatula chikwama cha rekoda pansi, podziwa kuti ntchito yatha.

"Nyamulani chikwamacho, bambo," anatero a Dokotala. "Mwawaphunzitsa tsiku limodzi zomwe zandikanika teremu yonse. Tiyeni kwa eni ake."

Che Jafali tinawapeza pakhonde akusoka yunifolomu. Titawauza za chipolopolo chija, anaseka mpaka kugwira chisoti.

"Bowo ilo ndi la bawuti, inaguluka kalekale. Makinawa anandibwereka anzanga a kumzikiti. Anga ndinasiya kwathu."

Wophunzira wina anafunsa motaya mtima, "Ndiye simunasenze kanthu, agogo?"

"Amayi anga. Kumsana, masiku anayi. Si awo akusankha nandolo apowo."

Kaseti inkangozungulira. A Dokotala anakagwada pafupi ndi amayi a che Jafali, n'kuwafunsa mwaulemu wonse ngati angalole kuti timvenso mbali yawo.

Kukometsa nkhani sindinasiye, ngakhale zonse ndalemba panozi n'zoona, kuphatikizapo nyenyezi zija. Koma mpaka lero, anthu ambiri akagwirizana pa nkhani imodzi, ndimafunsa kuti anamva kwa yani. Ndimafunsa chapansipansi, poopa kuti supuni ingandilozenso.