Chidakwa Chosadziwa Kukoma kwa Mowa

Tsiku limene anamuchotsa ntchito chifukwa cha uchidakwa, bamboyu anali asanalawepo mowa chibadwire. Ntchito yake inali yopenta mizere yoyera ya pamsewu, ndipo kwa zaka khumi ndi zisanu mizere yake inkawongoka ngati chingwe. Kenako inayamba kukhota. Naye mwini wake anayamba kudzandira, mutu ukuwawa cha kunkhongo, m'mawa n'kumasanza.

Kapitawo sanafunse zambiri. Anamulanda bulashi n'kumuuza kuti azikamwera kwawo. Anthufe kuweruza ndiye timatha, ndipo ine zimandinyansa. Koma chimene chinamupweteka kwambiri chinali kunyumba: mkazi wake anayamba kununkhiza malaya ake mobisa, iye akuona.

Zipatala zitatu zinangomupatsa mankhwala a mutu. Iye sanaleke kufunafuna thandizo. Pachachinayi, dokotala wina wachitsikana anamuuza kuti ayende potsata mzere wa matailosi, phazi kutsogolo kwa linzake. Anagwera kukhoma. Dokotalayo sanaseke, anamutumiza ku MRI, makina ojambula m'kati mwa mutu.

Anamuvulitsa lamba ndi mphete, anamubaya mankhwala oonetsa mitsempha, n'kumulowetsa m'mphako yoyera ya makinawo. Anamuchenjeza kuti asagwedezeke, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Makina atayamba kugogoda, iye anatsinzina. Anaona msewu wakuda, wonyowa, wopanda galimoto, ukukwera pang'onopang'ono mpaka kumitambo. Ankayandama pamwamba pake, wopepuka, penti ikutsika yokha m'manja mwake osakhota. Mantha anamuthera momwemo.

Chithunzi chinaonetsa kachotupa kowala kumbuyo kwa ubongo, mbali imene imathandiza munthu kuyenda osagwa. Kanali ka mitsempha ya magazi yopiringizana ngati ulusi. Mkazi wake uja anakayang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsika.

"Bambo a mwana, ndikhululukireni. Inenso ndinakukayikirani."

"Mayi a mwana, botolo langa lija ndi limenelo," anayankha akuloza chithunzicho. Onse anaseka akulira.

Madokotala anafotokoza kuti chotupa chotere chimataya magazi ambiri chikangodulidwa. Choncho anayamba atseka mitsempha yochidyetsa kudzera m'kachubu, kenako anachichotsa pa opaleshoni. Kuyenda anaphunziranso ngati khanda, atagwira chitsulo cha m'khonde la chipatala, mkazi wake akumugwira mkono. Anagwa kambirimbiri, n'kumadzukanso.

Patatha miyezi isanu ndi iwiri anabwerera kwa kapitawo, chipsera chili kunkhongo. Sanakalipe. Anangopempha bulashi ndi malo oimikapo galimoto imodzi kuti apentepo mzere. Atamaliza, kapitawo anayeza mzerewo kawiri, anavula chipewa, n'kumuuza kuti abwere Lolemba.

Mwina nanunso akupatsani dzina losakhala lanu, ndipo ngakhale a m'nyumba mwanu alikhulupirira. Thupi lanu mukulidziwa ndinu. Chipatala chachitatu chikakubwezani, pitani chachinayi. Musataye mtima.