Baji ya Akabaza

Iness Chimpeni anabadwira ku Kanduku, koma pa Mwanza Boma amadziwika ngati mayi wapakamwa wa kashopu kosindikiza zithunzi kuseri kwa msika. Sukulu analekezera Fomu 4. Kulemba mapulogalamu anadziphunzitsa pa kompyuta yakale imene mlongo wake anabwera nayo kuchokera ku Tete, mpaka analemba yakeyake yokonzera mabaji ndi makadi a ukwati.

Mu 2019, magulu awiri a kabaza anaganiza zophatikizana. Gulu la a Dunstan, la pa Boma, linkavala zofiira. La a Kinsley, la ku Thambani, zobiriwira. Atsogoleri awiriwa sankamwerana madzi chimenyanirane pa siteji polimbirana anthu okwera, koma mamembala anawakakamiza kupita limodzi kwa Iness kukapangitsa baji ya mtundu umodzi wotengera mbali zonse.

Iness anaika kufiira pamwamba, kubiriwira pansi, n'kuwalozera mzere umodzi wa pulogalamuyo.

"Nambala iyi timaiti alufa," iye anatero. "Ikakhala 1, mtundu wapamwamba umaphimba zonse. Ikakhala ziro, umasanduka ngati galasi, mumangoona wapansi. Kompyuta imachulukitsa kufiira ndi nambalayi, kubiriwira ndi yotsala kuti ikwane 1, n'kuphatikiza. Ndiika theka."

Analemba 0.5. Panatuluka mtundu wothimbirira ngati ndowe za ng'ombe.

"Mukutitukwana, mayi?" anakalipa a Dunstan. "Ife tili ndi njinga makumi anayi, awa khumi ndi ziwiri zokha. Kwezani nambalayo, kufiira kuoneke!"

"Nanga kufiirako kuli pamwamba chifukwa chiyani?" anafunsa a Kinsley. "Munapanganiranatu inu!"

Iness anasinthanitsa mitunduyo, kubiriwira kukhala pamwamba. Ndowe zomwe zija zinabwereranso.

"Theka ndi theka, achimwene. Masamu sadziwa kuti kwanu n'ku Thambani."

A Dunstan anatambasula dzanja kuti alembe okha nambala. A Kinsley anawagwira pakhosi, ndipo pokankhanapo inki inatayikira pa makadi a ukwati wa anthu ena. Iness anazula chingwe cha magetsi, n'kutola tsache.

"Tulukani! Ngati mukufuna kudziwa wamkulu, kamenyaneni kumsewu. Pano si pabwalo la milandu."

Mgwirizano unathera pakhomo pomwepo. Chodabwitsa, magulu onse awiri anagwirizana pa chinthu chimodzi: wolakwa anali Iness. Anafalitsa kuti kompyuta yake imakondera, ndipo kwa miyezi isanu palibe wakabaza anamunyamula. Mapepala akafika pa minibasi kuchokera ku Blantyre, ankasenza yekha pamutu, n'kudutsa pakati pa njinga zawo dala, osapereka moni. Ena ankamuimbira belu momunyoza. Iye ankangolavula malovu pambali.

Shopu ikadalipo mpaka lero. Munthu akabwera yekha, Iness amamuthandiza bwinobwino. Koma akangomva kuti kwabwera komiti, ngakhale ya kwaya, amauza onse kuti akatsale panja, alowe mmodzi.