Tsiku limene msongolo unandithyokera pakati pa njanji

Ena ndikawauza nkhaniyi amati ndikuthira mchere, koma ndikunenetsa, zinandichitikira ineyo, ndipo amene amagulitsa pamsika wa Balaka anandiona miyezi itatu ndikudumphira ndodo, mwendo uli m'chikhakha.

Ndine telala, kwathu ndi ku Nsanama koma ndimasokera ku Balaka. Zaka zingapo zapitazo adokotala anandiuza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri, kukhalira makina tsiku lonse kukundipha, ndiye ndiyambe kuthamanga. Ndinayamba bwinobwino, makilomita asanu m'mawa, katatu pa sabata, mpaka mimba inaphwa. Kenako ndinamva kuti ku Blantyre kudzakhala mpikisano wa makilomita 42, kutatsala masabata asanu ndi limodzi basi. Inu mukanatani? Ine sabata yomweyo ndinalumphira pa makilomita khumi ndi awiri, yotsatira makumi awiri, tsiku ndi tsiku, osapumako ngakhale Lamulungu.

Msongolo wakumanja unayamba kuwawa pamalo amodzi, poti ukhoza kuphimba ndi chala. Akazi anga anandichonderera kuti ndipumule, poti anaona kuti ndikutsimphina popita kukasamba, koma ndinawayankha kuti mwamuna sathawa ululu. Ndinkangomeza mapiritsi n'kumanga nsalu.

Loweruka lina m'mawa ndinati ndikafike ku Rivirivi n'kubwerera, ndipo poti kanjira kanali ndi matope, ndinkathamanga pakati pa njanji penipeni. Nditapita kutali ndithu, kopanda nyumba, ndinangomva kuti thyo! ngati wina wathyola chinangwa, ine khu pamiyala. Ndinayesa kudzuka, mwendo unangopindika pomwe palibe bondo. Nditagwira chitsulo cha njanji kuti ndidzikoke, ndinamva chikunjenjemera m'manja mwanga, kenako hutala ya sitima. Abale, mudayamba mwafuna kukuwa mawu osatuluka? Ndinadzikwekwesa ndi zigongono, koma mwendo wothyokawo unakana kudutsa chitsulo, ukangokhudza maso amachita mdima.

Amene anandipulumutsa ndi mayi wina wachikulire yemwe ankapalira chimanga chapafupi. Anataya khasu, anandigwira kolala ya malaya n'kundiguza ngati thumba la nandolo, tonse kugubudukira m'udzu. Sitima ya katundu inadutsa, mphepo yake ikutiomba kumaso, iwo akungotchula dzina la Mulungu m'Chiyao. Itatha, anandifunsa mokalipa kuti amene amandithamangitsa ali kuti. Nditati palibe, ndimangothamanga ndekha, ananena kuti bambo wamkulu ngati ine ndizichita manyazi. Ndinaseka misozi ikutsika. Anakaitana wakabaza, ndipo mpaka lero dzina lawo sindilidziwa.

Kuchipatala anandiuza kuti fupalo linali litayamba kale kung'aluka pang'onopang'ono, tsikulo linangomaliza. Anati mtima ndi mapapo zimazolowera msanga n'kukunamiza kuti walimba, pomwe mafupa amatsalira m'mbuyo.

Pano ndinayambiranso kuthamanga, ndipo ndimathokoza m'mawa uliwonse ndikaponda pansi. Ena amati munthu wina anandiponyera zoipa, koma iyayi, ndinadzithyola ndekha ndi phuma. Inu amene mwayamba kuthamanga, muziwonjezera mtunda pang'ono pokha pa sabata, sabata ina muzibwerera m'mbuyo, ndipo fupa likamawawa pamalo amodzi, imani mukaonetse kuchipatala. Za pa njanji ndiye musayerekeze n'komwe, si tsiku lililonse pamene pamakhala munthu akupalira pafupi.