Azungu Akupita, Anatero Akonzi

Mu Lilongwe muno sanabadwe munthu woti n'kundipusitsa ine pa malonda. Mawu amenewa ndinkawanena mokweza, chifuwa chili patsogolo, masiku amene ndinkagulitsa ziboliboli ku Old Town, pansi pa mtengo wamthunzi pomwe galimoto zoyera za mabungwe zimakonda kuima. Wogula ndinkamudziwira ku mapazi. Amene akuchokadi amayenda changu, maso ali pa galimoto. Amene akungonamizira amakoka mapazi, khutu limodzi atalisiya kumbuyo kuti amve mukamuitana. Woteroyo ine sindinkamuitana. Ndinkangopukuta njovu yanga n'kumaimba mluzu mpaka abwerere yekha.

Makasitomala athu enieni anali azungu a mabungwe othandiza, aja okhala ku Area 10 ndi ku Area 43. Akangofika kumene amagula kamvuu kamodzi, akamabwerera kwawo amagula chilichonse chokhala ndi miyendo. Thandizo la kunja tinkadya nawo ndithu, ngakhale palibe pulojekiti imene inatitchulapo.

Panali bambo ena amene ankakonda kuima pamalo anga koma osagula kanthu. Anali akonzi a kanyuzipepala kena ka chipani chotsutsa boma, ofesi yawo ili pamwamba pa sitolo ya matayala ku Area 2. Akafika ankadziponya pa mpando wanga waukulu wosema, umene unakana kugulidwa kuyambira kalekale, n'kundisiyira nyuzipepala yaulere ngati lendi.

Chisankho chitayandikira, kanyuzipepala kaja kanapsa mtima. Sabata ndi sabata nyimbo inali imodzi: thandizo la kunja ndi chingwe chapakhosi, ndalama zake zimathera m'misonkhano ya m'mahotela, mijigo imakumbidwa komwe boma likusaka mavoti, ndipo otsutsa akangolowa azungu onsewa alongedze. Zina mwa izo ngakhale ife a pamsewu tinkazidziwa kale. Koma zolongedzazo zinandiyabwa.

"Bwana akonzi, muwathamangitsadi anthu amenewa?"

"Achimwene, mukuona ngati ndikuseka?" Anamenya bondo ndi nyuzipepala yopindapinda. "Dziko lino lipemphetsa mpaka liti?"

Ndinawayang'ana m'maso monga ndimachitira ndi wogula. Sanaphethire.

Lamlungu lotsatira, potuluka m'tchalitchi, mlamu wanga amene amagwira ntchito ya ulonda ku Area 10 anandikokera pambali. "Mlamu, adona anga ayamba kulongedza m'makatoni. Mpaka makatani atsitsa."

Basi, mutu wanga unayamba kuthamanga. Azungu akapita, mvuu zamatabwa agule ndani? Koma mzungu sakwera ndege ndi firiji. Akamachoka amagulitsa zonse motaya, ndipo woyamba kumva amakhala mlonda kapena wa m'dimba. Amene ali bwino ndi alonda ndiye amatola mafiriji, mipando ndi njinga ena asanadzuke. Ndinadziona ndili mfumu ya mafiriji. Ndinachita lendi kachipinda ku Mchesi kosungiramo katundu, n'kuzungulira mageti a ku Area 10, Area 12 mpaka Area 15, kugawa mayunitsi kuti foni yoyamba izibwera kwa ine.

Chinatsala n'kutaya ziboliboli pamodzi ndi malo anga a pamthunzi, anzanga asanatulukire. Pambali panga pankakhala mdala wina wosalankhulalankhula, wosema uku akugulitsa, amene anakhala akusirira mthunzi wanga kwa nthawi yaitali. Nyuzipepala zonse ndinazikhalira kuti asazione, kenako ndinamuuza kuti msana ukundivuta, ndikufuna kupuma.

Mdalayo anatchula mtengo wochititsa manyazi. Ndinaseka. Anaimirira, n'kuyamba kubwerera pamalo ake pang'onopang'ono, mapazi akukokakoka. Ndinawaona bwinobwino mapaziwo. Koma mafiriji anali kundiitana, ndipo koyamba m'moyo wanga ndinamva pakamwa panga pakuti, "Madala, tabwerani tikambirane."

Anatenga zonse, ndi mthunzi womwe. Mpando wokha ndiwo anaukana. "Umenewo ngwa akonzi anu," anatero. Ndinaunyamula pa kabaza kupita nawo ku Mchesi ndikumumvera chisoni mdala wa anthu. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ine ndinkadziyesa wamalonda.

Chisankho chinachitika, otsutsa aja n'kupambanadi. Ndinatchaja foni n'kukhala chire. Inalira kamodzi kokha: mlonda wina anandigulitsa fani yopanda phiko limodzi. Nditatopa ndinamuimbira mlamu.

"Mlamu, adona aja anyamuka liti?"

"Anyamuka kale."

"Nanga firiji?"

"Apita nayo. Asamukira ku Area 43, nyumba yaikulu yaudzu wothirira. Pulojekiti aiwonjezera. Inenso ndili komweko, andigulira jombo zatsopano."

Mkazi wanga atamva anangofunsa ngati madzi akumwa tiziika m'fani ija kuti azizire.

Ndinabwerera ku Old Town mchira uli pansi. Galimoto zoyera zinali zitachuluka kuposa kale, mdala uja akukulungira mzungu njovu yanga yomwe ija. Pepala lokulungiralo ndinalizindikira ndisanafike n'komwe: kanyuzipepala ka akonzi komwe kaja ndinkamubisira. "Nyuzipepala imeneyi ine ndimaikonda," anatero osakweza mutu. "Siing'ambika msanga." Ndinapempha kamalo. Anandilozera kumapeto, pomwe mthunzi umathera, pongokwana mpando umodzi ndi mwini wake. Ndinakatenga mpando uja ku Mchesi n'kukhala pamenepo dzuwa likundiwotcha paliwombo, ndikugulitsa chinthu chimodzi chimene Lilongwe yense anachikana.

Tsiku lina panaima galimoto yakuda, n'kutsikamo akonzi aja, suti yonyezimira, masaya atadzaza. Kanyuzipepala kanali katatsekedwa, iwo ali ndi ofesi ku City Centre yolankhulira boma. Ankafuna mphatso yaikulu, yachimalawi, yopatsa mkulu wa bungwe lina pa mwambo wosainirana thandizo latsopano. Maso awo anagwera pa mpando.

"Bwana, si inu munkati alongedze?"

Anaseka mpaka kugwira chitseko cha galimoto. "Achimwene, inu munthu wa malonda mukundifunsa zimenezo? Wogula akati ndikupita, amapita? Ife tinkalalatira amene anali pampando, ovota akumva. Azunguwo tinkangowadutsirapo."

"Koma simunaphethire."

"Inu mukamati mtengo womaliza, mumaphethira?"

Mdala uja anatsokomola kuti abise kuseka. Ine ndinatchula mtengo woti mbalame ikaumva igwe mumtengo. Akonzi anagwira kumutu, anati ndine wakuba, anati mpandowo anaukhalira kale mpaka unawazolowera, kenako anatembenuka kulunjika ku galimoto. Ndinayang'ana nsapato zawo zatsopanozo. Zinkakokakoka. Ndinatulutsa kansanza, n'kuyamba kupukuta mpando uku ndikuimba mluzu. Anabwerera. Analipira yonse, ndipo basela sindinawapatse ngakhale kamvuu.

Ndalama ija sinagone m'thumba mwanga. Ndinapita nayo kwa mdala kukawombola mthunzi, iye n'kundibwezera theka lokha, pa mtengo wake, uku akuimba mluzu wanga womwe. Ndi pamene ndili mpaka lero, phewa limodzi pamthunzi, lina padzuwa.

Patapita nthawi mlamu anandiuza kuti mkulu wolandira mphatso uja anali adona ake omwe. Anathokoza kwambiri pamwambopo, anajambulitsa nawo, koma atayesa kukhalapo kunyumba anati ukuwapweteka msana. Anautumiza ku geti. Masiku ano amakhalapo ndi mlamu wanga, atatambasula miyendo, jombo zatsopano zikuwala, akutsegulira alendo a boma ndi a mabungwe osasiyanitsa.

Ine ndimaumirirabe kuti ndinagulitsa mpando umene unakanika aliyense, ndiponso kwa munthu amene anagulitsa mkwiyo kwa dziko lonse. Mkazi wanga amati ndikafunse phewa lapadzuwalo. Nanga inu mukuti pa malonda amenewa anapambana ndani?